Sowei Si Mdierekezi

M'buku lace la 1901, The Sherbro and its Hinterland, Bwana T. J. Alldridge analemba zambiri za cinamwali ca akazi ca ku Sierra Leone, cimene Amende acicha Sande. Nchito yace ndiiyamika, koma dzina la "mdierekezi" limene anapatsa wobvina wace ndilikana. Wobvinayo ndiye mkazi. Abvala cigoba ca mtengo cakuda bii, dzina lace sowei, ndipo thupi lonse libisika m'luzi la ciwale. Salankhula konse. Akazi anzace amuyimbira nagwedeza segbura, ndico cikho cokutidwa ndi ukonde wa mikanda, pokondwerera anamwali. Amishoni ena anatonza nyau zathu comweco, ngakhale kuno obvala nyau ndiwo amuna okha.