Dzina la Chauta ndi Liu Loti Akunja: Kuunika Buku Loyera Kuchokera ku Kanakantapa

1.0 Mau Oyamba

Anthu akamakamba za Buku Loyera, Baibulo limene linatuluka m'chaka cha 1998, kawirikawiri amatama kusalala kwa chinenero chake. Zimenezo n'zoona ndipo sitizibwereza. M'nkhani ino tiunika chisankho chimodzi cha omasulira, ndicho kulemba dzina loti Chauta pamene Chihebri chili ndi zilembo zinayi za dzina la Mulungu wa Israele, YHWH. Mfundo yathu ndi yakuti chisankhochi chinavomereza kuti makolo athu ankamudziwa Mulungu amishoni asanafike, koma kuvomerezako kunatsala panjira chifukwa liu loti akunja likadali m'Baibulo ndi pakamwa pa mlaliki. Tiyesa mau awiriwa pa makutu a anthu a ku Kanakantapa m'boma la Chongwe, kumene Chinyanja chimalumikiza anthu osiyana mitundu ndi mapemphero.

2.0 Mabaibulo Atatu, Maina Atatu

Buku Lopatulika, limene ntchito yake inatsogoleredwa ndi William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed ndipo linatha mu 1922, linalemba Yehova. Malembo Oyera a Akatolika, a m'chaka cha 1966, analemba Yahve. Maina awiriwa ndi obwereka. M'Chinyanja alibe tsinde, alibe abale, ndipo munthu sangawaphwanye kuti aone zimene zili m'kati. Buku Loyera, limene Akatolika ndi Apulotesitanti anamasulira limodzi, linasiya njira imeneyi n'kutenga dzina la m'mudzi. Ernst Wendland, amene anaphunzitsa zaka zambiri ku seminale ya Lutheran mu Lusaka ndipo anali mlangizi pa ntchitoyi, anaikira kumbuyo chisankhochi m'nkhani imene inatuluka mu The Bible Translator mu 1992.

Dzina loti Chauta limamasuliridwa kawirikawiri kuchokera ku tsinde -uta. Utawo ndi uja umaoneka kumwamba mvula ikamakata, umene timautcha utawaleza, kutanthauza uta wa Leza. Chauta tsono ndi Mwini uta, wopereka mvula, amene Achewa ankamupempha pa kachisi wa ku Msinja kudzera mwa Makewana, ndiponso amene nthano ya ku Kaphirintiwa imati anatsika ndi anthu oyamba pamodzi ndi nyama. Wowerenga Genesis adzakumbukira kuti chizindikiro cha pangano la Mulungu ndi Nowa ndi utawaleza womwewo. Apa omasulira anapeza mlatho umene Yehova ndi Yahve sakanaumanga.

3.0 Chifukwa Chosankhira Kanakantapa

Kanakantapa ndi malo amene boma la Kenneth Kaunda linatsegula mu 1988 kuti achinyamata osowa ntchito m'tauni akayambe ulimi, ndipo pambuyo pake dziko la Japan linathandizapo. Nthaka ndi ya Asoli, m'dera la Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II. Amene anadzakhala kumeneko anachokera kumbali zosiyanasiyana za Zambia, ndipo chinenero chimene chinawakumanitsa pachitsime, pachigayo ndi pamaliro ndi Chinyanja cha mu Lusaka. Malo otere ndi abwino poyesera Baibulo, pakuti omvera ake ambiri sanayamwe Chichewa.

Zaka zingapo zapitazo ndinakhala nawo pa maliro a akazi a malume anga kumeneko. Usiku wa pasiwa anthu atatu anawerenga mau. Mkulu wa mpingo wa malemuwo anawerenga m'Buku Lopatulika, ndipo tinamva Yehova. Mphunzitsi wina wachikatolika anawerenga m'Buku Loyera, ndipo tinamva Chauta. Mnansi wachibemba anapemphera m'chinenero chake natchula Lesa. Mayi wina amene anakhala pafupi nane, wa Mboni za Yehova, anandinong'oneza kuti buku lachiwirilo lafufuta dzina la Mulungu. Mnyamata wina wobadwira komweko anandifunsa m'mawa mwake kuti, "Amalume, uja Chauta ni Mulungu wa ku Malawi?" Madandaulo awiriwa ndi osiyana, ndipo onse ayenera kuyankhidwa mwaulemu.

4.0 Mphamvu ndi Kufooka kwa Dzinali

Dandaulo la mayi uja lili ndi mbiri yake. Boma la Malawi linaletsa Mboni za Yehova mu 1967, ndipo mu 1972 zikwizikwi za anthu amenewa zinathawira ku Sinda Misale kuno ku Zambia. Munthu amene abale ake anatenthedwera nyumba chifukwa cha chipembedzo chodziwika ndi dzina limenelo sangalione ngati liu wamba loti n'kusinthidwa pa tebulo la omasulira. Ndiponso pa mfundo ya kamasuliridwe ali ndi pogwira. YHWH ndi dzina la pangano, lomangirira pa mbiri ya mtundu umodzi ndi kutuluka kwake mu Ejipito. Chauta wa makolo ankafikiridwa kudzera mwa mizimu, ndipo alibe mbiri ya Mose. Womasulira akaika dzina lina pamalo pa linzake, amapindula kuyandikira koma amataya kusiyana.

Funso la mnyamata uja likuonetsa kufooka kwina. Buku Loyera linalembedwa m'Chichewa chimene chimamveka bwino ku Dedza, ku Lilongwe, ku Katete ndi ku Chadiza. Mwana wa Msoli ndi Mtonga wokulira ku Chongwe amadziwa Mulungu, amadziwa Lesa kapena Leza, koma Chauta ndi mlendo kwa iye monga momwe Yehova analili mlendo kwa agogo athu. Mtumbuka yekha ndiye amamva Chiuta wake m'dzinalo. Choncho dzina limene linasankhidwa kuti lichotse chilendo limasanduka chizindikiro cha mtundu umodzi likafika pamalo a mitundu yambiri.

Ngakhale zili choncho, ife tikuona kuti omasulira anachita bwino. Chifukwa chake chili pa nthaka ya Chongwe yomweyo. Chaka ndi chaka, mvula isanagwe, Asoli amachita mwambo wa Chakwela Makumbi, pamene mfumu imapempha mvula ndi kudalitsa mbeu. Mlimi wa ku Kanakantapa, kaya amapemphera Loweruka kaya Lamulungu, amayang'ana mitambo yomweyo. Akauzidwa kuti Chauta ndi Mwini uta wa Leza, amazindikira msanga kuti dzina la Chichewa lasunga m'mimba mwake dzina la Leza limene iye amalidziwa kale. Liu limodzi loti utawaleza ndi umboni wa chinenero wakuti mitundu imeneyi inakhala ikubwerekana maina a Mulungu popanda kumenyana. Dzina lobwereka ku Chihebri silingatiphunzitse zimenezo.

5.0 Liu Loti Akunja

Tsopano tifike pamene ntchito inatsalira. Mau a Chihebri ndi Chigriki akuti goyim ndi ethne amatanthauza mitundu ya anthu, ndipo Buku Lopatulika linawamasulira m'malo ambiri kuti amitundu. Komabe liu loti akunja linalowanso m'Mabaibulo athu, ndipo Buku Loyera silinalitaye. Mumpingo ndi limene linapambana. Munthu wosabatizidwa ndi wakunja, gule ndi wachikunja, mankhwala a agogo ndi achikunja, ndipo ena amafika potchula motero Msilamu ngakhalenso Mkhristu wa mpingo wina.

Tiyeni tiliphwanye liuli. Tsinde lake ndi -nja, limene limalandira mphatikiram'mbuyo za malo: pa-nja, ku-nja. Wakunja tsono ndi munthu wa kumalo amene sali m'kati. Liuli silinena kanthu za chimene munthu amakhulupirira. Limangonena kumene waima. Kalankhulidwe konse ka mpingo kamatsata fanizo lomweli la mpanda: munthu amalowa kalasi, amalowa mpingo, akalakwa amadulidwa, akalapa amabwerera. Ngakhale funso limene timafunsana tikakumana koyamba ndi la malo. Mu Lusaka sitifunsa kuti munthu amakhulupirira chiyani, timati, "Mupemphela kuti?"

Koma Chinyanja chenichenicho chimatsutsa mpandawu. Tikati kunja kwacha kapena kunja kwada, kunja ndi thambo limene latiphimba tonse. Akuluakulu akati kunja kuno kuli zinthu, akunena dziko lonse la amoyo, mmene muli mbusa ndi sing'anga yemwe. Ndipo tikati maiko akunja tikunena kutsidya kwa nyanja, kumene Chikhristu chinachokera. Pa tanthauzo lachitatuli wakunja anali mmishoni, osati agogo amene anawapeza pakhomo pawo. Ku Kanakantapa nkhaniyi imafika poseketsa: obwera a 1988, amene analandiridwa pa nthaka ya eni, ndiwo ena mwa iwo amatcha mwambo wa eniakewo kuti wachikunja.

Nkhaniyi inakula pa 29 Disembala 1991, pamene Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko lachikhristu. Mauwo analowa m'chiyambi cha malamulo aakulu a dziko mu 1996, ndipo anasungidwa pa kusintha kwa 2016, limodzi ndi lonjezo la ufulu wa chikumbumtima ndi wa chipembedzo. M'Chingerezi ziganizo ziwirizo zimakhalira limodzi bwinobwino. M'Chinyanja zimakanganirana, pakuti ngati dziko lonse lasanduka m'kati, ndiye kuti nzika yosakhala Mkhristu yasanduka wakunja m'dziko lake lomwe, ndipo liu limodzi lomwelo limatanthauzanso mlendo wochokera kudziko lina. Dziko limene linaona imfa za anthu mazanamazana pa nkhondo ya boma ndi mpingo wa Lumpa wa Alice Lenshina mu 1964 liyenera kusamala ndi mau otere.

6.0 Kukayika

Wounika ayenera kuulula pamene waima. Ndinakulira mumpingo, ndipo ndikadali momwemo. Agogo anga aamuna kumudzi kwathu ku Katete anali a gule, ndipo sanabatizidwe. Atamwalira, mkulu wina wa mpingo anatiuza ife ana kuti tisalire ngati anthu opanda chiyembekezo, koma tidziwe kuti agogowo afa ali akunja. Ndinavomereza, pakuti ndinali mwana. Patapita zaka, nditatsegula Buku Loyera kwa nthawi yoyamba, ndinapeza pa tsamba ndi tsamba dzina limene agogo aja ankatchula mvula ikachedwa ndiponso mwana akabadwa. Funso limene linandigwira silinandisiyebe: ngati dzina lawo linali loyenera kulowa m'Malembo, iwo eni dzinalo anatsala bwanji panja?

Ena angati funso lotere ndi chiyambi cha kugwa. Ife tikuona mwina. Kukhulupirira n'kwachibale ndi kukhulupirika, ndipo mau onse awiri amanena za kudalirana pakati pa awiri, monga mlimi adalira mnzake wobwereka ng'ombe. Munthu angathe kukayika chiphunzitso china koma osaleka kudalira. Makolo anati safunsa anadya phula. Mkhristu amene safunsa chifukwa chimene mnansi wake wabwino akutchedwa wakunja amameza liu limene sanalilawe. Ubwino waukulu wa Buku Loyera, m'maganizo athu, ndi wakuti linabzala funsoli m'kati mwa Malembo momwemo, mmene mlaliki sangalizule.

Tisaiwale kuti mipingo ina inayamba kale kusintha. Ku Mua, kumene amishoni ndi a Nyau analimbana kwambiri m'zaka za m'ma 1920, Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a KuNgoni mu 1976, ndipo zigoba za gule zimasungidwa kumeneko mwaulemu. Mu 2005 bungwe la UNESCO linazindikira Gule Wamkulu ngati chuma cha anthu onse, cha Malawi, Mozambique ndi Zambia. Chinenero cha paguwa ndicho chatsalira m'mbuyo.

7.0 Mau Otsiriza

Taona kuti dzina loti Chauta lili ndi zofooka ziwiri: limachepetsa kusiyana kwa YHWH ndi Mulungu wa makolo, ndipo silidziwika mofanana kwa onse olankhula Chinyanja. Taonanso kuti phindu lake limaposa zofookazo, chifukwa limabwezera ulemu kwa amene anatchula Mulungu kalekale m'zinenero zathu. Chimene tikudandaula n'chakuti omasulira amene analimba mtima pa dzina la Mulungu sanalimbe mtima chimodzimodzi pa dzina la mnansi.

Kwa amene adzakonzenso Baibuloli tikupempha kuti aunike malo onse pamene pali liu loti akunja. Pamene Chigriki chikunena mitundu, alembe anthu a mitundu ina. Pamene chikunena osakhulupirira, alembe motero, kuti mlandu ukhale pa chochita osati pa malo. Kwa aphunzitsi a Chinyanja tikupereka ntchito yosafuna ndalama. Alembe pabolodi mau atatu, panja, kunja kuno ndi wakunja, ndipo afunse ana kuti apeze tsinde. Kenaka alembe utawaleza, nafunse mwana aliyense dzina limene agogo ake ankatchula Mulungu. M'kalasi ya ku Kanakantapa mayankho adzakhala Lesa, Leza, Chiuta, Nyambe, Mulungu ndi Chauta, ndipo phunziro la maina ndi magulu ake lidzayambira pamenepo.