Kukongola ndi Coonadi: Za Zithunzi za Ernst Haeckel

Mwezi uno ndifuna kuti tiweruze pamodzi buku lina la zithunzi, dzina lace Kunstformen der Natur, ndiko kunena maonekedwe aluso a m'cilengedwe. Mwini wace ndiye Ernst Haeckel, Mjeremani, mphunzitsi wa sukulu yaikuru ya ku Jena, amene anabadwa caka ca 1834 namwalira caka ca 1919. Bukulo linaturuka pang'onopang'ono kuyambira 1899 kufikira 1904, ndipo muli masamba a zithunzi 100, ambiri a iwo oonetsa zamoyo za m'nyanja yamcere zopanda msana.

Popeza tikhala kutali ndi nyanjayo, tiyambe tamva kuti zamoyozo nzotani. Ciripo cina Angerezi acicha jellyfish. Cikunga bowa woyandama m'madzi. Ciribe pfupa, kapena mtima, kapena bongo, ndipo mwa magawo 100 a thupi lace, ngati 95 ndiwo madzi okha. Pansi pace palendewera zingwe zoyabwa ngati citedze, zimene cigwira nazo cakudya cace. Tina tating'ono tonga ico tipezeka ngakhale m'nyanja ya Tanganyika. Cina ndico cinkhupule ca m'nyanja. Ici sicibala pa mtengo woyanga monga cija tisamba naco iai. Ndi nyama yomamatira pathanthwe, yopanda kamwa kapena mimba, imene ikoka madzi pa tizibowo ta thupi lace, nitsala ndi cakudya cinali m'madzimo.

Tsono tiyambe ndi kuyamika, pakuti Haeckel sanali waulesi. Caka ca 1872 anaturutsa mabuku atatu onena za zinkhupule zokha. Ndipo pamene ngalawa ya Angerezi yochedwa Challenger inabwera ku ulendo wace wa 1872 mpaka 1876 itatola zamoyo za pansi pa nyanja, zambiri anazipereka kwa iye kuti azilongosole. Nyama zotere zikavuulidwa zingofota ndi kutaya maonekedwe ao, cotero dzanja la wolemba zithunzi linali lofunika ndithu. Ndiponso munthuyu anali ndi mtima: mkazi wace, Anna Sethe, atamwalira caka ca 1864, iye anacha jellyfish ina dzina la mkaziyo, ndipo cithunzi cace ciposa zambiri m'bukumo. Anthu osawerengeka amene kale anayesa nyamazi zonyansa anayamba kuzizwa nazo cifukwa ca buku ili.

Koma cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. Mukapenyetsa masambawo mudzaona kuti zonse zalingana mopambana muyeso. Ca kudzanja lamanja cifanana ndi ca kulamanzere. Zingwe zapotana ngati nkhata yoluka mmisiri. Kanyama kakang'ono ndi cinyama cacikuru aziika pa tsamba limodzi monga za msinkhu umodzi. Kawirikawiri palibe thanthwe, palibe matope, palibe cingwe coduka. Nyama yamoyo siitero. Haeckel anakhulupira kuti cilengedwe conse cimangidwa molingana, ndipo pamene nyama inapotoka, colembera cace cinaiongola. Wophunzira amene afuna kuzindikira mitundu ya nyamazi asowa cithunzi conena zoona, cingakhale cosakoma.

Wina adzati, Nanga kukometsa cithunzi kuli ndi kanthu? Kuli ndi kanthu, pakuti cizolowezi cikula. M'buku lace lina la 1868 Haeckel anasindikiza cithunzi cimodzi comweco katatu, nati ici ndi mluza wa garu, ici wa nkhuku, ici wa kamba, kuti aonetse kufanana kwace. Katswiri wina, Ludwig Rütimeyer, anamgwira naulula cinyengoco. Ndipo m'buku lomwelo anagawa anthu m'mitundu yapamwamba ndi yapansi, naika ife akuda pafupi ndi anyani. Sanaziona izi ndi maso ace. Anayamba waganiza, pambuyo pace nalemba cithunzi cobvomereza maganizowo. Dzanja limene linaongola zingwe za jellyfish ndi lomwelo linapotoza nkhope za anthu. Caka ca 2019, zitapita zaka 100 cimwalirire iye, akatswiri a za nyama a ku Jeremani anasonkhana ku Jena komweko, nalengeza poyera kuti kugawa anthu kotero kulibe maziko m'nzeru za cilengedwe.

Nanga tilitaye bukuli? Iai. Tiliyang'ane monga tiyang'ana nsaru yokongola, ndipo litiutse mtima wofuna kudziwa zamoyo zimene makolo athu sanaziona. Koma tisaliyese mboni, pakuti mboni inena cimene inaona, cingakhale cosakondweretsa. Lero alipo makina ojambula pansi pa madzi, ndipo nyamazi zioneka monga ziri, zina zong'ambika, zina zopindika, koma zodabwitsa cikhalire.

Kwa aphunzitsi anzanga ndinena ici: mukatuma ana kudambo kukatola nkhanu kapena nkhono kuti alembe cithunzi cace, muwauze alembe cimene aciona. Nkhanu ikakhala yoduka mwendo, mwanayo asauonjezepo. Mwana wophunzira kunena zoona za nkhanu adzanenanso zoona za mnansi wace.