Kusamutsa mafayilo odwala ali pamzere

Pachipatala cha Matandani, pamalo pamene a Seventh-day Adventist adatsegula mishoni mu 1908, munthu amene amamwa ma ARV amadziwika ndi nambala. Monga m'zipatala zina za m'Malawi muno, nambalayo imayamba ndi zilembo za chipatala chimene adalembetsera. Akasamukira ku Lisungwi kapena ku Zalewa amanyamula kalata ya transifa, ndipo kumeneko amakampatsa nambala ina. Kalaliki wosunga makadi sangatseke zenera n'kuuza anthu kuti abwere mawa chifukwa akukonza mashelefu. Ena pamzerewo alawirira m'bandakucha kutsika mapiri wapansi.

Vuto la kalalikiyu ndi lomwelo limene limasowetsa tulo amisiri a ma database akuluakulu. Zolembedwa zikachuluka mpaka kulephera kukwana pa seva imodzi, amazigawa pa makompyuta angapo. Tsiku lina zigawozo zimadzaza, kapena chimodzi chimalemedwa kuposa zinzake, ndiye pamafunika kugawanso anthu ali mkati molemba ndi kuwerenga. Amisiriwo amati resharding. Ndi luso lachilendo, chifukwa woligwira bwino palibe amamuyamika. Palibe amene amadziwa n'komwe kuti panachitika kanthu.

Anthu a ku Neno kugawa sakumvera m'maluwa. Boma lawoli lidadulidwa kuchoka ku Mwanza mu 2003, ndipo ana sadaleke kubadwa podikira kuti makaundula asamuke. Kuyambira 2007 bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo likugwira ntchito ndi Unduna wa Zaumoyo m'bomali, ndipo mbiri za odwala zimalowa mu OpenMRS, pulogalamu imene Partners In Health ndi Regenstrief Institute adayambitsa mu 2004 ndipo imasunga zinthu mu MySQL. Kunena zoona, mbiri za boma limodzi n'zochepa poyerekeza ndi za makampani akuluakulu monga YouTube. Koma funso loti mbiri ya munthu ikhale kuti, ndipo ipezeke bwanji iye akasuntha, silisintha ndi kukula kwa makina.

Mmisiri wosakhwima amagawa mwachidule. Amatenga nambala ya mbiri iliyonse, n'kuigawa ndi chiwerengero cha maseva, ndipo chotsalacho ndicho chimaloza seva. Ndi maseva 4 zonse zimayenda. Akangowonjezera yachisanu, mbiri 80 pa 100 zilizonse ziyenera kusamuka, ngati kuti pofuna kuwonjezera shelefu imodzi kalaliki wakhuthulira pansi makadi onse. Mu 1997 David Karger ndi anzake ku MIT adafotokoza njira yotchedwa consistent hashing, imene pa nkhani yomweyi imasuntha pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu basi. Amazon idaimangira Dynamo, imene idafotokozedwa poyera mu 2007. Google idatsata njira ina: mu Bigtable, yofotokozedwa mu 2006, chigawo chikanenepa chimang'ambika pakati chokha.

Njira imene imakoma kwambiri m'maso mwa wodziwa ntchitoyi ndi yodula tizigawo tambiri pachiyambi pomwe, kuti kusamuka kudzakhale kunyamula timitolo tomanga kale. Redis Cluster ili ndi timalo 16,384, ndipo maseva amangogawana timaloto. Kamalo kakakhala pa ulendo, wofunsa mbiri imene yachoka kale amalozeredwa ku seva yatsopano pa funso limenelo lokha, monga mmene namwino amauzira wodwala kuti khadi lanu lapita chipinda chinacho. Kampani ya Notion mu 2021 idadula database yake ya Postgres m'zigawo 480 pa makina 32. Nambala ya 480 sidatoledwa panjira: imagawika ndi 2, 3, 4, 5, 6, 8 ndi manambala ena ambiri. Mu 2023 atakwera kufika pa makina 96, makina alionse adangolandira zigawo 5 m'malo mwa 15. Nzeru yonse ya chaka cha 2023 idachitika mu 2021, papepala.

Kusamutsa kwenikweniko kuli ndi masitepe ake, ndipo Vitess, imene idabadwira ku YouTube mu 2010, imawaonetsa bwino. Choyamba amakopera zonse kumalo atsopano, akale akugwirabe ntchito. Kenako amathamangitsa zosintha zimene zalembedwa pa nthawi yokoperayo mpaka mbali ziwirizo zitafanana. Amafananiza mzere ndi mzere. Akakhutira amayamba ndi kutembenuza owerenga, olemba pambuyo, ndipo amasiya mpopi wobwezera zosintha kumalo akale kuti zikavuta abwerere.

Pakutembenuza olemba m'pamene pamaoneka mmisiri ndi wongoyerekeza. Kwa kamphindi, kulemba kuyenera kuima, apo ayi mbiri imodzi idzakhala ndi eni awiri: seva iyi ikuti wodwala walandira mankhwala a miyezi itatu, inayo ikuti sadabwere. N'chifukwa chake mawu a otsatsa malonda akuti makina awo saima ngakhale pang'ono ayenera kumvedwa ndi khutu limodzi. Amaima, kungoti kwa masekondi ochepa amene munthu amayesa kuti ndi netiweki. A Notion paulendo woyamba uja adalengezeratu kuti atseka kwa mphindi 5, ndipo kuona mtima kumeneko n'kwabwino kuposa kulonjeza zosatheka.

Komabe chimene chimagwetsa ambiri si makina, ndi kiyi yogawira. A Notion adagawa potsata gulu la ogwiritsa ntchito, popeza zolemba za gulu limodzi zimawerengedwa pamodzi ndipo sizisamukasamuka. Kugawa odwala potsata chipatala kumaoneka kwanzeru mofananamo, mpaka munthu atakumbukira kuti chipatala cha pa boma chimalandira anthu ochuluka kuposa Matandani, ndiye chigawo chake chimatentha pamene zina zikuwodzera. Ndiponso anthu amayenda: ukwati, ganyu, ulendo wa ku Joni. Nambala yokhala ndi dzina la malo imakalamba tsiku limene mwiniwake wakwera galimoto.

Dziko lino lili kale ndi nambala imene siyenderana ndi malo. Mu 2017 National Registration Bureau idalembetsa anthu oposa 9 miliyoni pa chiphaso cha unzika, ndipo nambala ya pa chiphasocho imakhala yomweyo kaya mwiniwake ali ku Matandani kaya ku Karonga. Amene akumanga makina a zaumoyo, a mabanki ndi a ndalama za pa foni aganizire kiyi yotereyi asanalembe mzere woyamba wa pulogalamu, ndipo ayeserere kugawanso makina akadali opepuka.