Akatuluka pa geti la ndende amakagona kuti?

Mwezi uno ndabwerezanso mabuku atatu a anthu amene analawa ndende m'nthawi ya Kamuzu: ndakatulo za a Jack Mapanje, The Chattering Wagtails of Mikuyu Prison, za 1993, Political Prisoner 3/75 la a Sam Mpasu la 1995, ndi Fearless Fighter la mayi Vera Chirwa la 2007. Ndi mabuku ofunika zedi. Za m'kati amazifotokoza mpaka thupi kuchita tsemwe: nsabwe, nyemba zofumbwa, ndowa ya chimbudzi pakona. Koma nditawatseka ndinatsala ndi funso la pamwambali.

Taganizani za a Mapanje. Anawagwira ku Zomba mu Seputembala 1987, n'kuwasunga ku Mikuyu popanda mlandu mpaka Meyi 1991. Atatuluka anauzidwa kuti ntchito yawo ya ku yunivesite aifunsirenso, yankho linachedwa, ndipo mapeto ake anasamukira ku England ndi banja lawo. Ameneyutu ndi mlakatuli wodziwika kunja konse, amene a Wole Soyinka ndi a Harold Pinter anamulankhulira, koma pokhala anakapapeza kwa eni. Masiku amenewo kunalinso lamulo la Forfeiture Act la 1966, limene boma linkalandira anthu nyumba ndi masitolo, moti wina ankatha kubwerera kwawo n'kupeza pakhonde pake pakhala mlendo.

Nanga wakuba mbuzi wa ku Mayaka? Apa ndi pamene zolemba zathu zili chete. Mabuku atatuwa ndi a Chingerezi, olemba ake ndi anthu ophunzira amene anamangidwa chifukwa cha ndale, ndipo potuluka anali ndi mbiri yowayeretsa. Sindikuwadzudzula ayi, analemba zimene anaona. Amene ndikuwafunsa ndi ife olemba m'Chichewa.

Werengani nthano zimene timatumiza ku nyuzipepala. Ndende imabwera m'ndime yomaliza. Woweruza agamula zaka zisanu, wolemba atiuza kuti choipa chitsata mwini, nkhani yathera pomwepo. Komatu m'moyo weniweni pamenepo mpamene nkhani ikuyamba kumene. Munthu wa lendi ku Ndirande kapena ku Kawale akamangidwa, mwezi wachiwiri mwini nyumba watulutsa katundu, mwinanso wagwira wailesi ndi mphika kuti zilowe m'malo mwa ngongole. Mkazi ndi ana ulendo wa kumudzi. Kumudziko nako, ngati bamboyo anali mkamwini, nyumba imene anaumbira njerwa ndi manja ake ili pa dothi la akuchikazi. Ukwati ukatha iye ali m'kati, potuluka alibe khomo loti agogode. Kwawo kwa amayi ake angamulandire, inde, koma nkhuku ikangosowa m'mudzi maso onse ali pa iye. Kodi wolemba angafunenso nkhani yoposa imeneyi? Chikhalirecho sindinakumane ndi nthano ya Chichewa imene inamutsatira munthu wotere kuchoka pa geti kukafika pa depoti ya basi.

Oyimba atiposa. Mu 2015 akaidi a ku Zomba anatulutsa chimbale cha I Have No Everything Here, chimene chinafika mpaka pa mndandanda wopikisana wa mphotho ya Grammy. M'menemo mukumveka mawu a akaidi wamba, amuna ndi akazi, ambiri akuyimba m'Chichewa. Komabe nawonso akuyimbira m'kati.

Zakunja zilipo zoti munthu akazione. Ku Balaka a Prison Fellowship Malawi anatsegula nyumba yoti akaidi otsala pang'ono kubwerera kwawo aziyamba akhalamo n'kuphunzira ntchito zamanja monga ukalipentala ndi utelala. Wolemba wofunadi nkhani akwere minibasi, akakhale pansi ndi amene anadutsamo, awafunse kuti atatsika pa siteji ya kwawo analowera mbali iti, ndipo anawatsegulira ndani.