Maikulosikopu Yolondola Kachilombo Kamodzi

Bakiteriya wa mtundu wa Escherichia coli, amene amakhala m'matumbo mwathu, ndi kachilombo kochepa kwambiri moti mutandanditsa 500 ndiye angakwane milimita imodzi. Koma kusambira kwake si kwamasewera. Pa sekondi imodzi amadutsa mtunda woposa kakhumi kutalika kwa thupi lake. Mukangomuona pa maikulosikopu, musanaphethire n'komwe, wamira kale kapena wayandama m'dontho la madzi, chithunzi chake n'kuzimiririka. Ofufuza ofuna kudziwa mmene amapezera chakudya ankagwira njakata pamenepa.

Howard Berg, ali pa yunivesite ya Colorado ku Boulder, sanalimbane n'kuimitsa kachilomboko. Anapanga makina oti azikalondola, ndipo anawafotokoza mu 1971. Luso lake ndi limene limandigwira mtima.

Madzi okhala ndi tizilombo anawaika m'kabokosi kakang'ono kotha kusuntha mbali zonse. Kuwala kochokera pa kachilombo kamodzi kunkagwera pansonga za tinsambo tagalasi tisanu ndi kamodzi, kalikonse kopita ku kachipangizo kake koyeza kuwala. Tinsamboto tinali tiwiritiwiri. Tiwiri tinkayang'anira kumanja ndi kumanzere, tiwiri kutsogolo ndi kumbuyo. Tiwiri totsalato ndi tomwe tikuonetsa kuti munthuyu ankaidziwa ntchito yake: kena anakaika patsogolo pang'ono pa malo amene chithunzi chimaoneka bwino, kena pambuyo pake, kuti kachilombo kakamira kapena kuyandama, makina adziwe msanga. Kuwala kukangochuluka mbali imodzi, makoilo a maginito ankakankha kabokosi kaja kubwezera kachilombo pakati. Motero bakiteriya ankasambira mmene akufunira, osagwidwa ndi chilichonse, koma m'diso la makina ankaoneka ngati waima malo amodzi. Ulendo wake wonse unkalembeka m'kusuntha kwa kabokosiko.

Mu 1972 Berg ndi Douglas Brown anasindikiza zimene anapeza m'magazini ya Nature. Kachilomboka kamathamanga molunjika kwa sekondi imodzi kapena chapompo, kenako kamagubuduzika kanthawi kochepa kakhumi poyerekeza ndi kuthamangako, n'kuyambanso ulendo kulowera kulikonse kumene kapenya. Sikasankha njira. Komabe mbali imene chakudya monga serine chikuchulukirachulukira, kamachedwa kugubuduzika, ulendo wolowera kumeneko n'kutalikirapo. Kamangoyerekeza zimene kakumva panopa ndi zimene kanamva masekondi angapo apitawo. Zimenezi n'zokwanira kuti pang'ono ndi pang'ono kafike pachakudya. Poyang'ana chigulu cha tizilombo tosokonekera m'madzi, zinali zovuta kuti munthu aone zimenezi. Panafunika kuleza mtima, kutsatira kamodzi, kenako kena, mpaka ziwerengero zitalankhula.

Funso lina linali la timichira timene bakiteriyayu amasambirira. Ambiri ankaganiza kuti timakupiza. Mu 1973 Berg ndi Robert Anderson anapereka umboni woti timazungulira ngati pulopela ya boti. Chaka chotsatira, ku San Diego, Michael Silverman ndi Melvin Simon anatsimikizira izi mwanzeru yosavuta: anamata mchira wa bakiteriya pagalasi. Poti mchirawo sukanathanso kuzungulira, linayamba kuzungulira ndi thupi lonse, ulendo uno chakumanja, ulendo wina chakumanzere.