Kanema wa Amalawi: Kodi Timuyese ndi Muyeso Wotani?

Mphunzitsi amene adzatumizidwe ku Chitawira, ku Ndirande kapena ku Zingwangwa adzapeza kuti ana ake anadziwa kanema asanadziwe buku. Madzulo amadzaza timanyumba ta vidiyo, naonera nkhondo za ku China ndi ku America zimene anyamata a m'tauni anazimasulira m'Chichewa. Tsono nkoyenera kuti ife ophunzira za chinenero tifunse: nanga kanema wathuwathu timuyese ndi muyeso wotani?

Maiko ena amayesa kanema ndi ndalama zolipira pakhomo. Kwathu kuno muyesowo suthandiza, pakuti nyumba zoonetsera kanema nzowerengeka. Ngakhale Apollo, imene akuluakulu a mu Blantyre aikumbukira, inatsekedwa kale. Chifukwa chake ambiri atembenukira ku mphotho.

Mphothozo zilipo ndithu. M'chaka cha 2010 Tapiwa Gwaza anapambana pa Africa Movie Academy Awards chifukwa cha kasewero kake mu Seasons of a Life, kanema wa Shemu Joyah. Mu 2013 The Last Fishing Boat, wa Joyah yemweyo, analandira mphotho ya nyimbo. Pa Africa Magic Viewers' Choice Awards, Lilongwe wa Joyce Mhango Chavula mu 2016 ndi The Road to Sunrise wa Joyah mu 2018 anatchedwa makanema oposa onse a kummwera kwa Africa. Anthu amenewa anagwira ntchito yaikulu ndi chuma chochepa, ndipo ayenera ulemu.

Komabe mphothozi zimaperekedwa ku Nigeria, ndi oweruza amene ambiri a iwo samva Chichewa. Iwo angayamikire kajambulidwe ndi nyimbo, koma sangatiuze ngati mayi wolira m'kanemayo alira monga alirira amayi athu. Taonani Seasons of a Life. Nkhani yake, ya mtsikana wantchito amene anachimwiridwa ndi bwana wake, pambuyo pake nalimbana kuti atenge mwana wake, ndi yathu yeniyeni. Koma mbali yaikulu inakambidwa m'Chingerezi, kotero kuti agogo a ku Chitawira, amene aona zotere ndi maso, angotsata nkhope za osewera, mau nkumawapitirira.

Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mu 2019 Chiwetel Ejiofor wa ku Britain anatulutsa The Boy Who Harnessed the Wind, mbiri ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, ndipo iye mwini anaphunzira Chichewa kuti asewere ngati bambo wa mnyamatayo. Lilime lake linapotoka, Amalawi ambiri naseka. Koma mlendoyu anazindikira chinthu chimodzi chachikulu: kuti njala ya ku Wimbe siidandaulika m'Chingerezi. Chimene chinasowa ndi eni chinenero m'malo otsogola.

Muyeso wake tsono ndi khutu la mwana wa kwathu. Inu amene mudzaima patsogolo pa kalasi, musanyoze makanema amene ana amaonera. Auzeni afotokoze nkhaniyo m'Chichewa chomveka, ndipo muwafunse kuti: “Kodi munthu wa kwathu angayankhule chomwechi pamaso pa apongozi ake?” Mwana wozolowera kufunsa motero adzakhala woonera wozindikira, ndipo kapena mwa ana otere mudzatuluka mlembi amene adzatipatse kanema womveka kwa agogo ndi kwa oweruza omwe.