Liwu Loti "Wosamva" ndi Ulendo wa Panyanja wa a Gerry Hughes

Pa 8 Meyi 2013, bwato lotchedwa Quest III linakocheza padoko la Troon, kummwera chakumadzulo kwa mzinda wa Glasgow. Eni ake, a Gerry Hughes, ananyamuka padoko lomweli pa 1 Seputembala 2012 ndipo anazungulira dziko lonse ali okha, kudzera kunsonga zisanu zoopsa za nyanja za kummwera, kuphatikizapo Cape Horn. Iwo anabadwa osamva ndipo palibe munthu wina wosamva amene anachitapo zimenezi iwo asanatero. M'nkhani ino ndikuunika momwe mbiri ngati imeneyi imafotokozedwera, komanso zimene zimachitika tikaibweretsa m'Chichewa.

Nkhani za akatswiri amasewera osamva kawirikawiri zimatsamira pa mawu oti "ngakhale kuti". Zimati uje wapambana ngakhale kuti samva. Kafotokozedwe kameneka kamaoneka ngati koyamikira, koma kamaloza mdani wolakwika. Pakati pa nyanja ya mchere, chimene chimagubuduza bwato ndi mafunde ndi mphepo, ndipo woyendetsa bwato aliyense amalimbana nazo. Chopinga chenicheni a Hughes anakumana nacho pamtunda. Msonkhano wa aphunzitsi umene unachitikira ku Milan mu 1880 unagamula kuti ana osamva aziphunzitsidwa kuyankhula ndi pakamwa, osati ndi manja, ndipo mfundo imeneyi inatsekereza aphunzitsi osamva kwa zaka zambiri. A Hughes anavutika kuti aloledwe kukhala mphunzitsi, koma anadzaphunzitsa pa sukulu ya sekondale ya St Roch's mu Glasgow muno. Nkhani imene ikutamanda bwato n'kusiya kalasi yanena theka chabe.

Vuto lachiwiri ndi liwu loti "woyamba". Liwuli limachititsa kuti munthu aoneke ngati anangotumphuka yekha ngati bowa. Koma timu ya mpira wamiyendo ya anthu osamva ya ku Glasgow inakhazikitsidwa mu 1871, kusanabwere matimu otchuka a Rangers mu 1872 ndi Celtic mu 1887. Masewera apadziko lonse a anthu osamva, amene lero amatchedwa Deaflympics, anayamba ku Paris mu 1924, pomwe a Paralympics anayamba ku Rome mu 1960. Pa Deaflympics wopikisana saloledwa kuvala kachipangizo kothandiza kumva, woyimbira mpira amakweza mbendera m'malo mwa wezulo, ndipo othamanga ndi osambira amanyamuka akaona kuwala kwa nyali. Izi zikusonyeza kuti anthu osamva sanangolowa m'masewera a ena. Anakonza okha njira zochitira mpikisano modalira maso. Terence Parkin wa ku South Africa atapata mendulo ya siliva pa masewera osambira a Olympics ku Sydney mu 2000, kumbuyo kwake kunali mbiri yaitali imeneyi.

Tikafika m'Chichewa, nkhaniyi imalemera kwambiri. Mneni woti "kumva" amasenza matanthauzo angapo: kumva ndi khutu, kumvetsa, kumvera, ngakhale kumva fungo kapena ululu. N'chifukwa chake "mwana wosamva" pakati pathu ndi mwana wamwano, ndipo mwambi umati wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu. Ndikalemba kuti "katswiri wosamva", wowerenga wa ku Dedza kapena ku Chipata amalandira matanthauzo onsewa pamodzi, ndipo lina mwa iwo ndi chitonzo. Liwu loti "gonthi" nalo ambiri amaligwiritsa ntchito ponyoza. Loti "wa vuto la kumva" ndi laulemu, koma limayamba ndi vuto, zomwe zikutibwezera kwa "ngakhale kuti" uja.

Mwina wina anganene kuti uku n'kulimbana ndi mawu chabe pomwe osewera akusowa ndalama za ulendo ndi omasulira. N'zoona kuti ngakhale kuno ku Britain osewera opita ku Deaflympics akhala akudzisonkhera okha ndalama. Komabe mawu ndi amene amauza wogawa ndalama kuti munthu amene ali patsogolo pake ndi wofunika chifundo kapena ndi katswiri wofunika kumukonzekeretsa. Dziko la Scotland linakhazikitsa lamulo lolimbikitsa chiyankhulo cha manja, British Sign Language, mu 2015. Lamulo lotere limaona anthu osamva ngati eni chiyankhulo, ndipo ndi momwe wolemba nkhani zamasewera ayenera kuwaonera.

Maganizo anga ndi oti tikamalemba za akatswiriwa m'Chichewa tiziyamba ndi luso, mtunda ndi nthawi, monga timachitira ndi wosewera wina aliyense, ndipo tizitchula chiyankhulo cha manja monga chiyankhulo, osati chothandizira. Ine ndagwiritsa ntchito liwu loti "wosamva" m'nkhani yonseyi chifukwa ndi limene owerenga akulidziwa, koma dzina loyenera silingachokere kwa ife ophunzira a ziyankhulo tokha. Mabungwe ngati Malawi National Association of the Deaf ndiwo ayenera kutsogolera, pakuti mwini dzina ndiye amadziwa pamene likumupweteka.